Madzi akukana kutsika? Kuthana ndi mavuto a zakumwa pambuyo pa opaleshoni yochepetsa chifu

Munthu akachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu pofuna kuchepetsa kunenepa, nkhawa yake yaikulu imakhala pa chakudya: adzayamba liti kudya nsima, nanga nyama adzaithanso? Za madzi ambiri saziganizira. Komatu kuchepa kwa madzi m'thupi kuli m'gulu la zifukwa zotsogola zimene zimabwezera anthuwa kuchipatala m'masabata oyambirira. Thupi limafunabe madzi ochuluka monga kale, pamene polandirira pake pachepa kwambiri. Vutoli silitheranso tsiku limodzi. Mumaligonjetsa mwezi uno, kukatentha mu Okutobala labweranso, mukadwala malungo labweranso.

Amalawi amene amachitidwa opaleshoni imeneyi nthawi zambiri amapita ku South Africa kapena ku India, ndipo amene amakhala ku Britain amadzera ku zipatala za boma (NHS) kapena amalipira okha ku Turkey. Potuluka m'chipatala amapatsidwa pepala la zakumwa zoyenera, koma pepalalo limatchula zinthu za m'masitolo a kumeneko. Akafika kumudzi, pa tebulo pali thobwa, Sobo, maheu, tiyi wa masupuni atatu a shuga ndi juwisi wa malambe, zimene pa pepala paja palibe. Ndalemba izi poganizira munthu ameneyu ndi achibale amene akumusamalira. Ngati dokotala amene anakuchitani opaleshoni anakuuzani zosiyana ndi zimene zili pano, tsatirani za iyeyo, chifukwa ndi amene anaona m'mimba mwanu.

Chifu cha munthu wamkulu chimatha kulandira lita imodzi kapena kuposa. Pa opaleshoni ya sleeve gastrectomy amachotseratu pafupifupi magawo 75 mpaka 80 pa 100 a chifucho, n'kutsala kachubu kooneka ngati nthochi, kolowa mamililita 100 mpaka 150. Pa gastric bypass amapanga kathumba ka mamililita pafupifupi 30 kumtunda kwa chifu n'kukalumikiza ku matumbo aang'ono, moti chakumwa sichidutsanso pa kakhomo kamene kale kankachitulutsa pang'onopang'ono. M'masabata oyamba malo osokedwawo amakhala otupa, ndiye mpata umachepa kuposa pamenepa. Koma muyeso wa tsiku susintha: malita 1.5 mpaka 2.

Tsiku latha, botolo likadali lodzadza

Ili ndiye vuto lalikulu, ndipo limayamba mwakachetechete. Mkodzo umada n'kumanunkha kwambiri, mumapita kuchimbudzi kamodzi kapena kawiri kokha tsiku lonse, mutu umawawa, m'kamwa mumauma, mukadzuka pampando mumaona chizungulire, chimbudzi chimalimba. Choipitsitsa ndi nseru. Thupi likachepa madzi limachita nseru, nseruyo imakuletsani kumwa, ndiye madzi amapitirira kuchepa. Anthu ambiri akamva nseru amaganiza kuti madzi ndi amene awadwalitsa n'kusiya kumwa, pamene kusamwako ndi kumene kwabweretsa nseruyo.

Kale munkatha kukhala m'mawa wonse osamwa kanthu, masana n'kugugudiza makapu awiri, basi zatheka. Njira imeneyo yatsekedwa. Madzi amene simunamwe m'mawa simungawabweze madzulo, chifukwa alibe polowera. Choncho musadikire ludzu, muziyendera wotchi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mukadzuka 6 koloko m'mawa n'kugona 9 koloko usiku, muli ndi maola 15. Pa chakudya chilichonse mumasiya kumwa mphindi 30 musanadye, mumadya mphindi 20 kapena 30, kenako mumadikiranso mphindi 30. Zakudya zitatu zimakudyerani maola anayi kapena kuposerapo. Otsala ndi maola pafupifupi 10, ndipo kuti mukwanitse malita 1.5 muyenera kumwa mamililita 150 pa ola lililonse. Ndi zotheka, koma pokhapokha ngati mwayamba mutangodzuka. Amene amayamba kumwa 11 koloko amakhala atalephera kale.

M'masiku oyambirira mamililita 150 pa ola angakukanikeni. Yambani ndi mamililita 30 pa mphindi 15 zilizonse, amene ndi masupuni akuluakulu awiri. Kakapu kamene kamabwera ndi mankhwala amadzi a ana, kolembedwa miyeso m'mbali, kamathandiza kwambiri. Musamwe zonse kamodzi. Zilowe m'timaulendo titatu kapena tinayi, mukupuma pakati. Kutupa kukamachepa muziwonjezera. Mukafika pomwera m'botolo, dzadzani mabotolo atatu a mamililita 500 m'mawa ndipo lililonse mulipatse nthawi yake: loyamba lithe pofika 10 koloko, lachiwiri pofika 3 koloko masana, lachitatu musanagone. Ikani alamu pa foni ngati ntchito imakuiwalitsani. Tiyi wopanda shuga, msuzi wosefa ndi mkaka zimawerengedwa nawo pa muyeso umenewu.

Nyengo yotentha muyesowu sukwana. M'chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, ndipo ngakhale ku Salima, Mangochi ndi Karonga thukuta limatenga madzi ambiri. Masiku otere fikani malita awiri kapena kuposerapo, ndipo ntchito za padzuwa muzigwire m'mamawa. Pa ulendo wautali wa basi anthufe timakonda kudzimana madzi poopa kusowa pokodzera. Kwa inu chizolowezi chimenechi n'choopsa, makamaka pa ulendo wa ku Johannesburg umene umatenga usiku ndi usana. Khalani ndi botolo m'manja, ndipo basi ikaima tsikani. N'chimodzimodzi pa ndege yobwerera kuchokera kumene munachitidwa opaleshoni: kusowa madzi pamodzi ndi kukhala malo amodzi maola ambiri kumachititsa magazi kuundana m'miyendo, choncho muzimwa ndi kuyendako m'kanjira ka pakati.

Ngati mukumwa mokwanira koma chizungulire sichikutha, yang'anani mankhwala anu. Mapiritsi a BP okodzetsa, monga hydrochlorothiazide ndi furosemide, amachotsa madzi m'thupi, ndipo thupi likamatsika BP nayonso imatsika, moti mlingo umene unali woyenera musanachitidwe opaleshoni ukhoza kukhala wochuluka tsopano. Musawasiye pa nokha. Kayezetseni BP mutakhala pansi komanso mutaimirira, dokotala asinthe mlingo. Mankhwala a shuga nawonso amafunika kuunikidwanso msanga.

Mukatsegula m'mimba kapena mukadwala malungo, sungunulani paketi ya ORS, monga Thanzi, mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, muzimwa pang'onopang'ono monga mwa nthawi zonse. Ena amaopa shuga wa mu ORS, koma ndi wochepa: magalamu 13.5 mu lita yonse. Madzi anu akumwa akhale owiritsa kapena othira klorini. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inationetsa mmene matenda otsegula m'mimba amathera madzi m'thupi la munthu wa chifu chonse, nanji wa kathumba ka mamililita 30.

Madzi enieniwo akulemera kapena akununkha

Anthu ambiri amadabwa kuti msuzi ukutsika bwino, tiyi akutsika bwino, koma madzi wamba akuima pachifuwa kapena akumveka ngati achitsulo. Zimachitikadi, opaleshoniyi imasintha mmene lilime ndi mphuno zimamvera zinthu, ndipo kwa ambiri zimachepa pakapita miyezi.

Choyamba sinthani kutentha kwake. Ena amapeza bwino ndi madzi ofunda, makamaka m'mawa pamene chifu chimakhala chomangika. Ena amafuna ozizira kwambiri, mwinanso kuyamwa kachidutswa ka ayisi. Yesani zonse, thupi lanu lisankhe. Zikakanika, apatseni kafungo: kagawo ka nkhaka, masamba a minti, khungu la lalanje, kapena kadontho ka mandimu ngati mulibe chilungulira. Tiyi wa udzu wa mandimu umene ambiri tili nawo kuseri kwa nyumba ndi wabwino kwambiri, wotentha kapena wozizira, ndipo alibe kafeini. Rooibos wa ku South Africa, amene amapezeka m'masitolo akuluakulu, nayenso alibe kafeini. Madzi owiritsamo kachidutswa kakang'ono ka jinja amachepetsa nseru, bola asakhale owawa. Sikwashi wolembedwa kuti alibe shuga wowonjezera, wosungunula kwambiri, amaloledwa ndi madokotala ambiri.

Kuwawa pachifuwa, kugeya ndi kutupa m'mimba mukangomwa

Apa kawirikawiri cholakwika ndi kamwedwe. Mwina mwameza ambiri nthawi imodzi, mwina mwamwa mothamanga, mwina mwamwa mutagona chagada. Imani kaye mphindi 10 kapena 15, yendani pang'ono, kenako yambiraninso ndi supuni. Muzimwa mutakhala tsonga. Kapaipi komwera kamakumezetsani mpweya, chimodzimodzi chingamu, ndipo madokotala ambiri amaletsa zonsezi m'miyezi yoyamba.

Zakumwa za gasi zisiyeni. Coca-Cola, Fanta, Cherry Plum, Cocopina, Frozy, ngakhale zolembedwa kuti zilibe shuga komanso madzi wamba a gasi, zonse zimatulutsa mpweya m'kachifu kosokedwa kamene kalibe pousunga. Zimawawa, zimageyetsa, zimayambitsa chilungulira, ndipo zimalanda malo a chakumwa chimene thupi likufuna. Kugwedeza botolo kapena kulisiya lotsegula sikuchotsa gasi yense. Eno ndi soda wosungunula m'madzi, amene timathamangira m'mimba mukavuta, amatulutsanso mpweya womwewo. Mapiritsi a mavitamini amene amachita thovu m'madzi muziwasiya mpaka thovu litatheratu.

Kumwa pa nthawi ya chakudya ndi chizolowezi chovuta kwambiri kuchisiya, chifukwa kwathu kuno kapu ya madzi imakhala pambali pa mbale ya nsima. Madzi akakumana ndi chakudya m'kachifu kakang'ono, mwina amasowa malo n'kubwerera kukhosi, mwina amakokolola chakudyacho msanga kupita m'matumbo, ndiye njala imabweranso pasanapite nthawi. Lamulo la mphindi 30 lija ndi la moyo wonse. Ngati chakudya sichitsika popanda madzi, ndiye kuti n'chouma kwambiri kapena simunatafune mokwanira. Chifewetseni ndi msuzi pang'ono, chepetsani mbamu, ndipo kapu muichotseretu pa tebulo.

Thukuta, mtima kuthamanga ndi kutsegula m'mimba mukamwa zotsekemera

Vuto ili madokotala amalitcha dumping syndrome, ndipo ndi pamene zakumwa zathu zimatigwetsa kwambiri. Limachitika kwambiri kwa a gastric bypass, koma a sleeve nawonso limawapeza. Chakumwa cha shuga wambiri chikalowa m'matumbo aang'ono nthawi imodzi, chimakoka madzi kuchoka m'magazi kupita m'matumbomo. Pakatha mphindi 10 mpaka 30 mumamva m'mimba kupotokola, nseru, thukuta, mtima kuthamanga, kufooka kofuna kugona pansi, kenako kutsegula m'mimba. Zikayamba, gonani pansi mpaka zitadutsa, ndipo pambuyo pake bwezerani madzi pang'onopang'ono.

Pali mtundu wachiwiri umene umabwera mochedwa, pakatha ola limodzi mpaka maola atatu. Shuga uja amakwera mofulumira m'magazi, thupi limatulutsa insulin (amene amatsitsa shuga m'magazi) wochuluka, ndiye shuga amatsika kupitirira muyeso. Mumanjenjemera, mumatuluka thukuta lozizira, maso amachita mdima, mutu umasokonezeka. Pamenepa mukufunikadi kashuga pang'ono, monga theka la kapu ya juwisi, koma mukangoyamba kupeza bwino idyani chakudya chomanga thupi, monga dzira kapena yogati wopanda shuga, kuti shugayo asakwerenso n'kugwanso. Amene amangomwa Fanta kuti atsitsimuke amabwereza vuto lomwelo tsiku lonse. Zikamachitika kawirikawiri, kapena mukakomoka ngakhale kamodzi, pitani kwa dokotala ndipo musayendetse galimoto mpaka zitalongosoka.

Nanga shuga wambiri ndi wochuluka bwanji? Werengani pa botolo pamene alemba shuga wa m'mamililita 100. Coca-Cola ali ndi magalamu 10.6, kutanthauza kuti botolo la mamililita 300 lili ndi masupuni a tiyi pafupifupi asanu ndi atatu. Juwisi wa zipatso zenizeni, ngakhale sanathiremo shuga, amakhala chapomwepo. Ku Britain chakumwa chimatchedwa cha shuga wochepa ngati sichipitirira magalamu 2.5 pa mamililita 100, ndipo umenewu ndi muyeso wabwino kuutsatira kulikonse.

Zakumwa za kumudzi zilibe cholembedwa, ndiye tiziunike chimodzichimodzi. Thobwa limapusitsa chifukwa timaliona ngati chakudya chopatsa thanzi. Koma ndi ufa wa chimanga wothira chimera, ndipo ntchito ya chimera ndi kusandutsa ufawo kukhala shuga; pamwamba pake ambiri amathiranso shuga wa m'paketi. Likagonera limayamba kuwira, limachita gasi, ndipo limayamba kusanduka mowa. Maheu a m'botolo ali m'gulu lomwelo. Juwisi wa malambe, wa bwemba ndi wa chidede ndi wowawasa mwachibadwa, ndiye opanga amathira shuga wambiri kuti amweke. Mukadzipangira nokha, osathira shuga, n'kusungunula kwambiri ndi madzi, mukhoza kumamwa mabala a m'kati akapola, ngati sakukuyambitsirani chilungulira. Madzi a nzimbe, mafiriziesi ndi Sobo wamba zisiyeni. Uchi ndi shuga wabulauni m'matumbo zimachita zomwezo zimene amachita shuga woyera.

Chimene chimandikhudza kwambiri pa nkhaniyi ndi choti zakumwa zimenezi zimabwera ndi chikondi. Kwathu kuno sitipita chimanjamanja kokazonda wodwala. Timanyamula Sobo, juwisi, Lucozade kapena chigubu cha thobwa. Amayi akaona mwana wawo akutha thupi, akudya masupuni atatu okha, mtima umawapweteka, ndipo amafuna kumupatsa chinachake choti apezeko mphamvu. Kukana kumaoneka ngati mwano. Choncho musadikire kuti kapu ifike m'manja mwanu. Khalani pansi ndi a pabanja panu muwafotokozere kukula kwa chifu chanu, muwaonetse kakapu ka mamililita 30 kaja, ndipo muwauze zoti azibweretsa m'malo mwake: mkaka, mazira, nkhuku ya msuzi, chambiko. Munthu wofuna kuthandiza akauzidwa chochita amasangalala. Pa ukwati, pa chinkhoswe kapena pa maliro, pamene thobwa limayenda m'ndowa, nyamulani botolo lanu ndipo mawu ochepa akukwana: "Zikomo kwambiri amayi, adokotala anandiletsa chifukwa cha opaleshoni, madzi okhawa andikwanira." Anthu athu amalemekeza mawu a dokotala.

Palinso anthu amene samva chilichonse akamwa zotsekemera, makamaka a sleeve, ndipo amaganiza kuti ali ndi mwayi. Kwa iwowa vuto limaonekera pa sikelo. Opaleshoni imachepetsa chakudya cholimba chimene mungadye, koma chamadzimadzi chimangodutsa osakhutitsa. Munthu akhoza kumadya nsima yochepa kwambiri koma n'kumanenepanso chifukwa cha maheu, tiyi wa shuga ndi juwisi. Thupi likaima kutsika kwa nthawi yaitali kapena likayamba kubwerera, lembani chilichonse chimene mwamwa kwa sabata imodzi musanayambe kukayikira opaleshoni.

Mkaka ukukutsegulani m'mimba, mapuloteni sakukwana

M'masabata awiri oyamba, pamene mukudalira zamadzimadzi zokha, chakumwa ndiye chakudya chanu, ndipo thupi limafuna magalamu 60 mpaka 80 a mapuloteni pa tsiku kuti mabala apole ndi kuti minofu isathe. Kapu ya mkaka ya mamililita 250 ili ndi magalamu 8. Mukhoza kuulimbikitsa pothira masupuni akuluakulu anayi a mkaka wa ufa wopanda mafuta mu theka la lita. Samalani pogula: Cremora ndi zinzake zoyeretsera tiyi si mkaka, zimapangidwa ndi mafuta a zomera ndi manyuchi a glucose, ndipo mapuloteni mulibemo kwenikweni. Ufa wa mapuloteni ochokera ku mkaka, wotchedwa whey protein, umapereka magalamu 20 kapena kuposa pa muyeso umodzi, koma pewani wolembedwa kuti mass gainer, umene amagula anyamata onyamula zitsulo, chifukwa ndi wodzadza ndi shuga. Mkaka wogula kwa alimi muziuwiritsa, ukazizira muchotse mafuta a pamwamba.

Ena akachitidwa opaleshoni, makamaka ya bypass, amayamba kulephera kugaya shuga wa mumkaka ngakhale kale ankamwa bwinobwino. M'mimba mumalira, mumadzadza mpweya, mumatsegula. Musafulumire kusiyiratu zamkaka. Yesani chambiko kapena yogati wopanda shuga, wosungunula pang'ono kuti amweke, chifukwa kuwawasa kuja kumachepetsa shuga wa mumkaka. Zikakanikabe, gwiritsani ntchito mkaka wa soya wosathira shuga kapena mkaka wolembedwa kuti lactose free.

Msuzi wa nkhuku, wa nyama kapena wa nsomba, wosefa ndi wochotsa mafuta, ndi wabwino pobwezera madzi ndi mchere, ndipo umatsika masiku amene china chilichonse chikukana. Koma mapuloteni ake ndi ochepa kwambiri, chifukwa ambiri amatsalira mu nyama. Musauwerengere ngati walowa m'malo mwa mkaka.

Tiyi, khofi ndi chilungulira

Mmalawi kumuuza kuti asiye tiyi ndi nkhani yovuta, ndipo mwamwayi simukuyenera kusiyiratu. Madokotala ambiri amaletsa kafeini m'masabata oyambirira chifukwa amawonjezera asidi pamene mabala asanapole. Pambuyo pake kapu imodzi kapena ziwiri za tiyi wosalimba, wopanda shuga, n'zololedwa kwa ambiri. Khofi ali ndi kafeini wochuluka pafupifupi kawiri kuposa tiyi, ndiye muyambe mochedwerako. Zakumwa zotchedwa zopatsa mphamvu, monga Red Bull ndi Dragon, zili ndi gasi, shuga ndi kafeini pamodzi, zimenezo ayi.

Tiyi wakuda amalepheretsa thupi kutenga ayironi, ndipo kuchepa kwa magazi ndi vuto lodziwika pambuyo pa opaleshoniyi, makamaka kwa amayi amene akusambabe. Piritsi la ayironi musamwere tiyi kapena mkaka. Pakhale maola awiri pakati pake, chimodzimodzi pakati pa ayironi ndi kashiyamu. A bypass alinso pa chiopsezo cha timiyala ta mu impso, ndipo tiyi wakuda wambiri pamodzi ndi madzi ochepa zimawonjezera chiopsezocho.

Chilungulira chimavutitsa kwambiri a sleeve. Chepetsani mandimu, juwisi wa malalanje, khofi ndi minti, musagone mutangomwa, kwezani kumutu kwa bedi, ndipo omeprazole kapena mankhwala ena ochepetsa asidi amene anakulemberani mumalize nthawi yake yonse ngakhale mukumva bwino. Zosakaniza za jinja, adyo ndi mandimu zimene zinatchuka nthawi ya Covid-19, viniga, madzi a aloe vera ndi tiyi wotsatsidwa kuti amatsuka m'mimba kapena kuchepetsa thupi, zonsezi musazilowetse m'kachifu kosokedwa. Tiyi wotereyu nthawi zambiri amakhala ndi mankhwala otsegula m'mimba, ndipo chimene amachotsa ndi madzi omwe mukuvutikira kusonkhanitsawo.

Mowa

Madokotala amalangiza kuti musakhudze mowa kwa miyezi 6 mpaka 12, ndipo ine ndinganene kuti amene angathe ausiyiretu. Pambuyo pa bypass mowa umafika m'magazi m'mphindi zochepa ndipo umakwera pafupifupi kawiri kuposa kale, moti botolo limodzi limachita zimene ankachita awiri. Musayendetse galimoto ngakhale mwamwa pang'ono chabe. Mowa umayambitsa zilonda pamalo olumikizidwa, umatsitsa shuga m'magazi, umakodzetsa, ndipo wa m'botolo uli ndi gasi. Chibuku ndi masese zimapitiriza kuwira ngakhale zili m'paketi. Kachasu ndiye musayerekeze. Kafukufuku waonetsanso kuti anthu ena, makamaka a bypass, amayamba uchidakwa pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri, ngakhale amene kale analibe vutoli. Achibale akaona kamwedwe kakusintha alankhule msanga.

Kusala

Kusala kosamwa ngakhale madzi, kaya pa Ramadan kaya pa mapemphero a kuphiri, n'koopsa kwa munthu amene sangathe kubweza madzi a tsiku lonse m'maola ochepa a usiku. Madokotala ambiri amalangiza kuti musasale m'miyezi 6 mpaka 12 yoyamba, ndipo pambuyo pake mufunse kaye. Kambiranani ndi ashehe kapena abusa anu. Odwala amapatsidwa njira ina.

Pamene supuni ndi botolo sizingathandizenso

Zina sizithera kunyumba. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati mwakhala maola 24 mukusanza chilichonse chimene mwamwa, ngati mwatha maola 8 kapena kuposa osakodza, ngati mukusanza magazi kapena chimbudzi chada bii, kapena ngati mwendo umodzi watupa ndipo ukuwawa. Mtima ukamagunda kupitirira ka 120 pa mphindi mutangokhala, thupi likatentha, mukamabanika, kapena m'mimba ndi phewa lakumanzere zikamawawa kwambiri, makamaka m'masabata oyamba, thamangani nthawi yomweyo, chifukwa mwina posokedwa pakudontha. Apa pakufunika chipatala chokhala ndi madokotala a opaleshoni, monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central kapena Mzuzu Central.

Ngati munayamba bwino koma pakatha masabata angapo chakudya chofewa chayamba kukana, kenako madzi nawonso akubwerera, mwina polumikizira pachepa chifukwa cha chipsera. Amakonza polowetsa kachubu ka kamera kukhosi n'kukuzapo ndi kabaluni. Kudikira kumangowonjezera kufooka.

Kusanza kwa masiku ambiri kumathetsanso vitamini B1, amene thupi limasunga wokwanira masabata awiri kapena atatu okha. Akatha, munthu amasokonezeka mutu, amaona zinthu ziwiriziwiri, amadzandira, miyendo imachita dzanzi, ndipo ubongo ukhoza kuwonongeka osachiranso. Diripi ya glucose yoperekedwa vitaminiyu asanaperekedwe imakulitsa vutoli. Popeza opaleshoni imeneyi si yofala kwathu kuno, amene angakulandireni pachipatala cha pafupi mwina sanakumanepo nayo kawirikawiri, ndiye muwathandize. Muziyenda ndi kalata imene anakupatsani potuluka m'chipatala, ijambuleninso pa foni, ndipo wachibale mmodzi adziwe zoti anene inu mukafooka: dzina la opaleshoni ndi tsiku limene inachitika, kuti mwasanza masiku angati ndipo mungafunike vitamini B1 asanakuikeni diripi ya glucose, kuti asakulowetseni chubu cha m'mphuno asanafunse dokotala wa opaleshoni, komanso kuti simuyenera kulandira ibuprofen, diclofenac kapena indomethacin chifukwa zimayambitsa zilonda pamalo osokedwa. Pa ululu wamba, paracetamol ndi amene ali wotetezeka.